Ndili chaka chachiwiri cha Informatika ku Tete, ndiyambire pati kuti ndisadzangotsala ndi pepala?

Mnyamata wina wa ku Angónia wandilembera uthenga wautali, ndangotengapo mutu wake. Akuti: "Akulu, ine kwathu ndi ku Ulónguè, ndikuphunzira Engenharia Informática kuno ku Tete, chaka chachiwiri. Makadeira, maphunziro a kosi yathu, ndikukhoza ndithu, koma ndikaona ena amene anamaliza ali pakhomo, ena akuyendetsa njinga zamoto za taxi, mtima ukundiwawa poti makolo akugulitsa mbatatesi ndi chimanga kuti andilipirire propina ndi lendi. Ena akuti phunzira Python, ena akuti Java, ena akuti zonsezo zatha poti ChatGPT ikulemba yokha, ena akuti ukapanda padirinyu, munthu wamkati wokulowetsa, kapena osapita ku Maputo ntchito iwalako. Laputopu yanganso ndi yakale. Ndiyambire pati?"

Mphwanga, choyamba wachita bwino kufunsa uli chaka chachiwiri, ambiri amandipeza atateteza kale monografiya, lipoti lija la kafukufuku womalizira sukulu, dipuloma ili mu envulopu, ndiye pamenepo zimavuta poti kunyumba ayamba kale kuwerenga miyezi. Iwe ukadali ndi nthawi yokwanira.

Yankho langa ndi ili: usanamalize sukulu, upange chinthu chimodzi, chimodzi basi, chimene munthu weniweni amene si mnzako wa m'kalasi komanso si dosente wako akuchigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo chikafa amakuimbira foni. Zina zonse ndikuuze pansipa zikutsamira pamenepa.

Ndikuuze chifukwa chake. Ine ndakhalapo kangapo mbali ya ofunsa mafunso pofuna kulemba achinyamata ntchito ya informatika, ndipo ma CV amene amabwera amakhala ngati anabadwa kwa mayi mmodzi, onse analemba Java, C++, HTML, Redes, Base de Dados, Office, onse akuti ndi olimbikira komanso amagwira bwino ntchito ndi anzawo. Ukafunsa kuti tandionetse chimene unapanga, amatulutsa pulojekiti ya kadeira, sisitimu ya laibulale kapena ya ana a sukulu, imene inayatsidwa kamodzi patsiku la defeza, aphunzitsi anapereka mamalikisi 14 pa 20, basi inakagona mu foda. Sindikunyoza, nanenso ndinadutsa momwemo. Koma sisitimu imene sinakumanepo ndi munthu wotopa, wofulumira, wa zala za fumbi la feteleza, kasitomala ataima kutsogolo kwake, imeneyo siinayesedwe.

Ndiye ukapita kwanu pa holide, yang'ana bwino pa msika wa Ulónguè kapena kwa Domwe kapena kulikonse kumene uli ndi m'bale. Pali mashopu ogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a ziweto, pali mabanka a zakudya, pali zigayo, pali magulu osungitsa ndalama a xitique, pali masukulu ang'onoang'ono. Pafupifupi onsewa ali ndi kope. Kope lija la chikuto cholimba, lothimbirira, lolembedwa kuti uje watenga matumba awiri adzalipira akagulitsa fodya, uje wapereka theka. Kope limenelo ndiye database yako yoyamba, nkhokwe yosungiramo deta m'matebulo. Pempha mwaulemu, khala pamenepo masiku atatu osatsegula laputopu, ungoyang'ana mmene akulembera, akufufutira, mmene akusakira dzina la munthu amene anatenga ngongole mwezi wa Novembala. Ufunse mafunso ngakhale ooneka opusa, safunsa anadya phula. Ukatero ndiye ubwerere ukajambule matebulo ako papepala.

Ine changa choyamba chinali chotere, cha shopu ya zipangizo za ulimi ya azakhali ena a kwathu, ndipo zimene ndinaphunzira mmenemo palibe kadeira imene inandipatsa. Tsiku loyamba lenileni, iwo analemba katundu kuti "mankhwala a ng'ombe", kudina kuti asunge, pulogalamu yonse inagwa. Ine thukuta kamukamu, iwo akundiyang'ana, kasitomala akudikira. Vuto linali kachizindikiro kaja ka pakati pa ng ndi ombe, poti ine ndinkangolumikiza mawu a munthu mwachindunji mu SQL, chilankhulo cholamulira database, ndiye kachizindikiroko kankatseka chiganizo pakati. Usiku umenewo ndi pamene ndinamvetsa chimene amati SQL injection ndi chifukwa chake timagwiritsa ntchito ma prepared statement, amene amasiyanitsa mawu a munthu ndi lamulo la SQL, poti khomo limene ng'ombe ya azakhali inagwetsera sisitimu ndi lomwelo limene wakuba angalowere n'kufufuta ngongole zonse. M'kalasi anatiuzapo ndithu koma zinangodutsa. Kuyambira tsiku limenelo sindinaiwalenso.

Kenaka zinabwera zina motsatizana. Maina a kuno ali ndi zilembo za Chipwitikizi, João, Conceição, ndiye ukapanda kuika bwino UTF-8, njira yosungira zilembo mu kompyuta, risiti imatuluka ndi tizizindikiro tachilendo. Nambala za foni ndinaika kuti zikhale za manambala 9 zoyamba ndi 82 mpaka 87 monga za Tmcel, Vodacom ndi Movitel, osaganiza kuti kwathu kuja malire ali pafupi, makasitomala ena ndi a ku Dedza ndi ku Ntcheu, nambala zao ndi za +265 ndipo ena amalipira makwacha osati mametikali. Magetsi akathima pakati pogulitsa, katundu amachoka mu sitoko koma ndalama osalembedwa, pamenepo ndiye ndinadziwa ntchito ya ma transaction, oti zonse zilembedwe pamodzi kapena pasalembedwe chilichonse. Ndipo cholakwa changa chimene chinandipweteka kwambiri chinadzaonekera patapita zaka: IVA, msonkho wa pa malonda, ndinailemba 17 m'malo ambirimbiri mkati mwa kodi, ndiye boma litatsitsa kufika pa 16 peresenti kuyambira Januwale 2023, ndinachita kukwera shapa kukasaka 17 aliyense mmodzimmodzi, ndipo mmodzi ndinamuphonya, malipoti a mwezi umenewo anasokonekera, azakhali anataya masiku awiri akuwerengera pamanja. Zinandiwawa poti anandikhulupirira. Lero mwana aliyense amene ndikumuphunzitsa ndimamuuza kuti nambala imene ingasinthe isakhale mu kodi, ikhale pamalo amodzi pamene mwini shopu angaisinthe yekha.

Ukuona, nkhani ngati zimenezi ndi zimene zimakulembetsa ntchito. Pa intavyu munthu akandiuza kuti ndinapanga chakuti, chinagwa motere, ndinachikonza motere, ine ndimakhala tsonga, poti ndadziwa kuti uyu ndikamutuma ku Moatize yekha sadzandiimbira akulira. Koma dziwiratu kuti walira mvula walira matope, ukangopereka sisitimu kwa munthu, foni yako izilira Lamlungu m'mawa. Uziyankha. Kuyankhako ndiye sukuluyo.

Ndipo chisakhale chachikulu ai. Kulemba katundu, kulemba ngongole, kuonetsa amene sanalipire, basi. Chizigwira ntchito popanda intaneti poti netiweki kumudzi imabwera ndi kupita, chizitseguka pa foni ya Android yotchipa poti ndi imene anthu ali nayo, mawu ake akhale a Chipwitikizi chosavuta kapena Chichewa chimene. Ukafika poti chakhazikika, yesa kulumikiza malipiro a pa foni. M-Pesa inayamba kuno mu 2013, e-Mola ya Movitel nayo ili paliponse kumidzi, ndipo Vodacom ili ndi tsamba la ma developer lokhala ndi malo oyesera kumene ungaphunzire API yao, khomo lolumikizira pulogalamu yako ndi M-Pesa, osagwiritsa ndalama zenizeni. Wophunzira amene anayesapo zimenezo ali patsogolo kwambiri.

Za chilankhulo cha pulogalamu usataye nazo tulo. Chimene akukuphunzitsani ku fakulidade, kaya ndi Java kaya ndi C, chigwire mpaka uzitha kulemba osayang'ana pa YouTube mzere uliwonse. Uwonjezerepo JavaScript poti chilichonse cha pa webu chimadutsa pamenepo, ndi Python ukafuna za data. Kudumphadumpha mwezi uno ichi mwezi wamawa icho ndi kumene kumapha ana ambiri, amatha zaka zinayi akudziwa kulemba moni m'zilankhulo zisanu ndi chimodzi. Chimene sindingakulole kuchinyalanyaza ndi SQL. Imeneyo inayamba zaka za m'ma 1970 ndipo mpaka lero banki, chipatala, kampani ya malasha, onse deta yao ili m'matebulo.

Pamenepa ndikuchenjeze za mbali inayo, poti pali anyamata ena akangoyamba kupeza timaganyu topanga mawebusaiti amayamba kunyoza makadeira, amati masamu a discreta ndi a chani, estrutura de dados ndi ya chani. Usatero. Tsiku limene kope la azakhali lafika mizere masauzande ambiri ndipo kusaka dzina kukutenga nthawi mpaka kasitomala kutopa, udzafuna kudziwa kuti index ndi chani ndipo imagwira bwanji, ndipo yankho lili mu kadeira ija ya estrutura de dados ndi ma algorithm imene anzako akuithawa. Sistemas Operativos, Redes, Base de Dados, Estruturas de Dados, zinayi zimenezi usangofuna 10 wodutsira, uzimvetse. Mafremuweki, zida zokonzedwa kale zomangira mapulogalamu, amasintha zaka zochepa zilizonse koma izi zimakhala. Ndipo pepalalo ulimalize, ntchito za boma ndi makampani akuluakulu pa konkurso yolembera anthu ntchito amafuna satifiketi, usamvere oti dipuloma ilibe ntchito.

Tsopano tiyang'ane kuno kwathu mmene kulili, poti malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu a ku America amene akuganiza za Google ndi Microsoft. Kuno ku Tete ntchito zambiri za informatika si zolemba mapulogalamu atsopano tsiku lonse. Kuli migodi ya malasha ku Moatize, imene Vale inayamba kukumba mu 2011 n'kudzagulitsa kwa Vulcan mu 2022, ndi makampani ambiri ang'onoang'ono amene amagwira ntchito pansi pa migodiyo. Kuli HCB ku Songo, kampani yoyendetsa damu la magetsi la Cahora Bassa la mamegawati 2,075. Kuli fakitale ya fodya ya Mozambique Leaf Tobacco, mabanki, kampani ya magetsi ya EDM, makampani a mafoni, maofesi a boma, mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi. Malo ngati amenewa amafuna munthu woti netiweki ikagwa aidzutse, seva ikadzaza aikonze, ma backup aziyenda, makamera ndi mawailesi azilumikizana, deta ya mu Excel isanduke lipoti lomveka. Ndiye usanyoze waya. Phunzira kumanga kebulo ya RJ45 ndi manja ako, kugawa ma IP, kukonza switch ndi router, Linux ya pa terminal. Packet Tracer ya Cisco ndi yaulere ukalembetsa ku Networking Academy yao, ndipo imayenda ngakhale pa laputopu yofooka, ukadzapeza ndalama mayeso ao a netiweki a CCNA amalemekezedwa. Kumbali ya mabungwe, a zaumoyo m'dziko muno amagwiritsa ntchito SIS-MA, sisitimu ya deta ya zipatala imene inamangidwa pa pulogalamu ya DHIS2, ndipo ambiri otolera deta kumidzi amagwiritsa KoboToolbox, zonsezi ukhoza kuziphunzira wekha kwaulere. M'maofesi a akaunti ukapezako pulogalamu ya Primavera. Munthu wodziwa kodi pang'ono, netiweki pang'ono, ndi SQL bwinobwino, kuno savutika ngati wodziwa chinthu chimodzi chokha.

Pali mwayi wina umene iwe uli nao umene mwina sukuuona, ndi pakamwa pako. Umayankhula Chichewa, kusukulu Chipwitikizi, mu tauni muno watolako Chinyungwe. Chatsala Chingelezi, ndipo chimenecho usachisiye, poti mabuku a mapulogalamu, mauthenga a zolakwika, mayankho a pa Stack Overflow, zonse zimayamba kutuluka m'Chingelezi. Komanso province yathu yazunguliridwa ndi maiko atatu oyankhula Chingelezi, Malawi pa Zóbuè ndi Calómuè, Zambia pa Cassacatiza, Zimbabwe pa Cuchamano, ndipo m'migodi muli akuluakulu ambiri ochokera kunja amene Chipwitikizi chimawavuta. Iwe wa ku Angónia unakula ukumva mawailesi a ku Malawi, khutu lako linazolowera kale. Sintha foni ndi laputopu zikhale m'Chingelezi, ukaona error uiwerenge yonse usanaikope, tsatira CS50 ya Harvard imene ili yaulere pa intaneti, ukhala ukuphunzira ziwiri nthawi imodzi. Mavidiyo a ku Brazil ndi abwino poyambira koma asakhale okhawo.

Za ChatGPT ndi anzake. Inde imalemba kodi, nanenso ndimaigwiritsa ntchito, kukana zimenezo ndi bodza. Ndipo ndi zoona kuti tintchito tina tophweka timene kale ankapatsa oyamba kumene tikuchepa. Koma taganiza za nkhani ya azakhali ija. Makinawo sakanakwera shapa kukakhala mu shopu masiku atatu, sakanadziwa kuti ngongole za kuno zimabwezedwa fodya akagulidwa, sakanaona kuti mayiwo saona bwino tizilembo ting'onoting'ono. Ndipo ikakupatsa kodi yolakwika, amene angaone kuti yalakwika ndi amene anaphunzira. Lamulo limene ndimapatsa ana anga a estajiyo, odzaphunzira ntchito, ndi loti mzere umene sungathe kundifotokozera usauike mu pulojekiti. Pa ntchito za kusukulu yamba walimbana nazo wekha, ukakanika uifunse kuti ikufotokozere, osati ikulembere. Ukaipatsa kuti izikuganizira panopa, pa intavyu tidzakupatsa pepala ndi cholembera ndipo zidzaoneka mu mphindi zisanu.

Laputopu yakale si vuto lalikulu monga ukuganizira. Ngati ikulola, ikamo SSD ndi kuwonjezera RAM, imasanduka ina. Windows ikailemera ikamo Linux Mint kapena Ubuntu, uphunzirapo ndi Linux yomwe. Mdani wake weniweni kuno ndi kutentha, Okutobala ndi Novembala wa Tete madigiri amapitirira 40, fumbi lili mu fani, iwe waiika pa matiresi. Iike pa thabwa, uzipukuta fani, ntchito zolemera uzichita m'mamawa kapena usiku. Ndipo chonde, chonde, phunzira Git sabata ino, pulogalamu yosunga mbiri ya zonse zimene wasintha mu ntchito yako. Ndaonapo mtsikana wanzeru kwambiri akulira pakhonde monografiya yake yonse itapita ndi disiki kutatsala milungu itatu kuti apereke, fulashi imene anasungiramo inali ndi vairasi. Ukamakankha ntchito yako ku GitHub, tsamba la pa intaneti losungirako kodi, madzulo alionse, laputopu ikafa kapena kubedwa umangotaya chitsulo. Kodi ndi mawu chabe, siidya mamega ambiri. Komanso GitHub yomweyo ndi imene udzaike pa CV, wolemba ntchito adzaona yekha kuti wakhala ukugwira kuyambira liti. Chenjezo limodzi, maina a makasitomala a anthu, ngongole zao ndi ma password usawakankhire kumeneko, chinsinsi cha amene wakukhulupirira ndi chako kuchisunga.

Nkhani ya padirinyu sindikunamiza kuti kulibe, iliko, ndipo imapweteka ukaona wina wodutsa movutikira akulowa poti amalume ake ali mkati. Koma pali kudziwika kwa mtundu wina kumene ungakumange wekha. Dosente amene unamuthandiza kukonza makompyuta a mu labu, mnzako wa chaka chachinayi amene mawa adzakhala pa ntchito n'kumva kuti akufuna munthu, mwini shopu amene mlamu wake ndi wa akaunti pa kampani ina, amenewa ndi amene amatchula dzina lako iwe kulibe. Ntchito zambiri zimene ndaona achinyamata akupeza zinadzera mwa munthu amene anaonapo ntchito ya manja ao. Ndiye pangani kagulu, anthu atatu kapena anayi olimbikira, muzikumana Loweruka, wina aziwerenga kodi ya mnzake. Lowa m'magulu a ma developer a m'dziko muno monga MozDevz, ufunse, uyankhe pamene ukudziwa. Atsikana a m'kalasi mwanu musawasiye kunja kwa kaguluko kapena kuwapatsa ntchito yolemba lipoti yokha, ena mwa akatswiri a netiweki amene ndagwira nao bwino kwambiri ndi amayi.

Estajiyo usadikire ya chaka chomaliza imene sukulu imakulembera kalata. Kuyambira holide ikubwerayi lemba kalata yako, pita wekha, vala bwino, pempha ngakhale mwezi umodzi, ngakhale pa kasukulu kapena ka kampani koika makamera ndi intaneti. Akakutuma kunyamula makwerero nyamula, uli pamenepo uziona mmene akukokera waya ndi mmene akuyankhulira ndi kasitomala wokwiya. Koma ganyu iliyonse imene wagwirira munthu wa bizinesi uzilipiritsa, ngakhale pang'ono, mugwirizane mtengo musanayambe ndipo mulembe pa WhatsApp kuti pakhale umboni, poti ukazolowetsa anthu zaulere sadzakulipiranso. NUIT, nambala yako ya msonkho, ngati ulibe katenge, ndi yaulere ndipo idzafunika pa kontarakiti iliyonse.

Maputo? Makampani ambiri olemba mapulogalamu ali kumeneko, zimenezo n'zoona, ndipo ngati mtima wako uli pa kulemba kodi basi mwina tsiku lina udzapita, kapena ku Beira, kapena udzagwirira a kunja uli konkuno poti intaneti ikusintha, Starlink inalowa m'dziko muno mu 2023. Koma usapite chimanjamanja kukagona pa mphasa kwa msuweni ukuyenda ndi envulopu. Upite uli ndi chinthu choonetsa, kapena atakuitana.

Monografiya yako idzachokere mu pulojekiti yomweyi. Pofika chaka chachinayi udzakhala ndi zaka ziwiri za zolakwika zenizeni ndi mayankho ake, mutu sudzachita kuusaka.

Ndiye mayeso a semesita ino akatha, kwera shapa ya ku Ulónguè, ukadutsa pa Mussacama uyambe kuganiza kuti ndani mwa abale kapena anansi ali ndi kope lija. Ukapemphe kuliona, maina a anthu usajambule. Ukajambula matebulo ako papepala, katundu, makasitomala, ngongole, malipiro, ndi mizere yolumikiza, unditumizire chithunzi chake tione limodzi usanalembe mzere ndi umodzi womwe wa kodi. Ukawapatse moni makolo.